Owedza Osafuna Ndiwo

Kuno kwathu munthu akamachokera kumadzi ndodo ili paphewa, funso limene amalandira ndi limodzi: "Mwapha zingati?" Akayankha kuti wapha zisanu koma zonse wazibwezera m'madzi, anthu amayang'anana. Ena amaseka, ena amamumvera chisoni, ena amangoti izo n'za anthu okhuta. Sitingawaimbe mlandu. Mulu wa usipa pamsika ukucheperachepera pomwe mtengo wake ukukwera, chambo chinasanduka ndiwo ya alendo olemekezeka, ndiye kwa ambiri nsomba ndi chakudya basi. Kuigwira kenako n'kuisiya kuti izipita ndi mwano.

Komatu kuwedza kongosangalala sikunabwere ndi azungu. Aliyense amene anakulira pafupi ndi dambo kapena kamtsinje akuwadziwa anyamata aja amene amasiya mbuzi zikulowa m'munda wa eni, iwo ali phee pagombe, maso ali pa kachidutswa ka bango koyandama. Pofika madzulo agwira timatemba titatu tosakwanira ngakhale mphaka, ndipo kunyumba kukuwadikira mkwapulo. Mawa lake apitanso. Chowakokera kumeneko si njala. Ndi kamphindi kaja bango likagwedera n'kumira, chingwe n'kulemera, mtima n'kugunda usanadziwe chimene chili kunsiko. Bambo amene wayenda ulendo wautali pa galimoto kukaponya mbedza mu Bua, ndodo yake yoitanitsa ku Joni, akusaka kamphindi komweko. Angosiyana zida.

Awiriwa amasiyana ndi msodzi wa chilimira kapena wa matchela pa chinthu chimodzi chachikulu. Wa ukonde amasaka gulu, ndipo ukonde umakokolola yofuna ndi yosafuna yomwe. Wa mbedza amalimbana ndi nsomba imodzi, ndipo nsombayo iyenera kuvomera yokha. Choncho amakakamizika kudziwa zimene ukonde sufunsa: nsomba iyi imagona pati, ikudya chiyani mwezi uno, imaopa chiyani, madzi asintha bwanji poyerekeza ndi chaka chatha. Ine ndimaona kuti anthu odziwa mitsinje yathu mwa njira imeneyi ndi ochepa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake mtsinje umatha kufa popanda woulira.

Nsungwi, bango ndi nyongolotsi

Zida zoyambira sizifuna ngongole. Nsungwi yowongoka ya mamita atatu kapena anayi, youma bwino ndi yopyapyala kunsonga, chingwe cha nayiloni, mbedza zingapo, kachidutswa ka bango kapena ka patapata wakutha koti kaziyandama, ndi kamtovu kapena kanati kokokera nyambo pansi. Oyamba kumene amathamangira mbedza yaikulu poganiza kuti ndiyo ibweretse nsomba yaikulu. Ayi. Mbedza yaing'ono imagwira zazikulu ndi zazing'ono zomwe, pomwe yaikulu imangodyetsa timatemba nyambo yaulere.

Nyongolotsi yofukula pa chinyontho, kuseri kwa bafa kapena patsinde pa nthochi, imadyedwa ndi pafupifupi nsomba iliyonse ya m'mitsinje ndi m'madamu. Ibayidwe moti ibise mbedza koma kamchira katsale kakugwedezeka. Ngumbi zikatuluka ndi mvula yoyamba palibe nyambo yozipambana, poti nsomba zimakhala zayamba kale kutola zimene zikugwera pamadzi. Chiwala chimachita bwino m'mphepete mwa udzu. Makumba amakonda nsima yofewa yokanya ndi madeya, ndipo odziwa amayamba awaza madeya pang'ono pamalopo dzulo lake kuti nsomba zizolowere kubwera. Mlamba ndiye ulibe manyazi: matumbo a nkhuku, chiwindi, kachule, chilichonse chonunkha. Maso ake ndi ang'onoang'ono, umasaka ndi ndevu zake zija, ndiye usiku komanso madzi a matope a mvula yoyamba ndiyo nyengo yake. Chambo chenicheni chimavuta pa mbedza chifukwa chimadya ndere ndi tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi. Amene amadzitama kuti wawedza chambo padamu nthawi zambiri wagwira mbale wake, makumba.

Luso lenileni lili pa kuwerenga madzi. Nsomba sikonda kulimbana ndi madzi othamanga popanda phindu. Imabisala kuseri kwa mwala, pansi pa mtengo wogwera m'madzi, pamene kamtsinje kakuthira mu mtsinje waukulu, kapena pamalire a madzi othamanga ndi odekha, n'kumadikira kuti chakudya chiipeze pomwepo. Ponyani pamenepo. Nthawi yake ndi m'bandakucha komanso dzuwa likapendeka, chifukwa likafika paliwombo nsomba zimatsikira kozama. Chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi, ndipo mapazi asagunde pansi, poti nsomba imamva kunjenjemera kwa gombe kudzera m'kamzere kamene kali m'mbali mwa thupi lake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, n'zoona, koma kudekha pamalo opanda nsomba n'kutaya tsiku. Pakatha theka la ola bango lili zii, sinthani kuya kwa nyambo. Zikakanikabe, samukani.

Panyanja

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, koma yambiri ndi mbuna zokongola zija za m'miyala, zoyenera kuziona ndi maso osati kuziponyera mbedza. M'madzi a Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ku Cape Maclear ndi zilumba zake, kusodza n'koletsedwa mpaka mamita 100 kuchokera kugombe la paki. Kwina konseku malo alipo ambiri, ndipo bungwe la Angling Society of Malawi lakhala likukonza mipikisano ya owedza kwa zaka zambiri.

Ncheni, yaitali yonyezimira ndi ya mano akuthwa, imathamangitsa usipa pa madzi akuya. Amaigwira pokoka kachitsulo konyezimira, kamene owedza amati sipuni, kumbuyo kwa boti likuyenda pang'onopang'ono. Sungwa, ya kukamwa kwakukulu, imabisalira tinsomba m'mabango ndi m'zomera za m'madzi, makamaka kumathiriro a mitsinje. Kampango ndi wa usiku. Nyambo yake ndi usipa wotsitsidwa mpaka pansi pafupi ndi miyala, ndipo akafika m'bwato musamalire minga yake, imabaya mopweteka. Ambiri amene amamudya sadziwa kuti nsomba imeneyi imalera ana. Waikazi ndi wamphongo amalondera chisa pakati pa miyala, ndipo mayiyo amaikira mazira ena osabereka oti anawo azidya. Mukachotsa kholo pachisa, ana onse aja amasanduka chakudya cha mbuna tsiku lomwelo.

Za mphepo ndinene mwachidule. Kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti mwera umatha kudzuka nyanja ili bata, n'kuisandutsa mapiri a mafunde pa ola limodzi. Mlendo apite ndi msodzi wa pagombe pomwepo, am'lipire bwino, ndipo mwini bwato akayang'ana kumwera n'kunena kuti "Achimwene, lero ayi," nkhani ithere pomwepo.

Mpasa za mu Bua

Nsomba imene ine ndingaike patsogolo pa zonse ndi mpasa. Sipezeka kwina kulikonse padziko kupatula m'nyanja yathuyi ndi mitsinje yothira m'menemo. Ikakula imakhala panyanja n'kumathamangitsa usipa ndi tinsomba tina, ndipo imatha kufika makilogalamu atatu kapena anayi. Koma siikira mazira panyanja. Mitsinje ikadzaza ndi mvula imayamba ulendo wokwera, kupyola miyala ndi timathithi, mpaka ikapeze malo osaya a madzi othamanga amene pansi pake pali nsangalabwi. Pamenepo ndi pamene imaswana, m'miyezi yozizira madzi atayera. Mazira amagwera m'mipata ya timiyalato, madzi odutsa n'kumawapatsa mpweya. Ana akabadwa amakhala mumtsinje miyezi ingapo asanatsikire kunyanja.

Moyo woterewu uli ndi ngozi ziwiri. Yoyamba n'njoonekeratu: nsomba zonse zokwera ziyenera kudutsa khomo limodzi, kumathiriro a mtsinje. Munthu akatchinga pamenepo ndi ukonde, kapena akamanga mpanda wa miono kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lina, wagwira mpasa za chaka chino ndi za zaka zikubwerazo, zili m'mimba. Wina amathira katupe padziwe, chinthu chimene lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa, n'kupha chilichonse chopuma m'menemo. Ngozi yachiwiri ilibe phokoso. Mitengo ikatha kumtunda, anthu n'kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi limakokoloka n'kukatseka mipata ija ya pakati pa nsangalabwi. Mazira amabanika. Palibe amene waponya ukonde, palibe amene angamangidwe, koma mpasa zatha. Kale zinkakwera mwaunyinji mu Linthipe, Dwangwa, North Rukuru, Songwe ndi mitsinje ina. Lero m'mitsinje yambiri zachepa kwambiri, ndipo mpasa ili pa mndandanda wa nsomba zimene zili pa chiopsezo chotheratu. Amene akuyesa nthabwala afunse za ntchila, nsomba inanso yokwera mitsinje. M'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'dziko muno, koma achinyamata ambiri a lero sanaionepo.

Bua wapulumukako chifukwa cha nkhalango. Mtsinjewu umachokera cha ku Mchinji, umadutsa minda ya fodya ndi chimanga ya m'chigawo chapakati, kenako umalowa mu Nkhotakota Wildlife Reserve, nkhalango ya miombo ya masikweya kilomita 1,800, usanathire m'nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota. Kuyambira mu 2015 nkhalangoyi ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Anthu amaidziwa chifukwa cha njovu pafupifupi 500 zimene zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Ochepa ndi amene amaganizira kuti alonda omwewo ndi mitengo yomweyo zikutetezanso timiyala ta mpasa. Vuto n'lakuti mpanda wa magetsi umatchinga njovu ndi opha nyama, koma sutchinga matope. Chimene mlimi wa ku Kasungu kapena ku Ntchisi wachita m'mphepete mwa mtsinje chimakafika ndithu pakati pa nkhalango.

Wofuna kuwedza m'menemo amayamba watenga chilolezo kwa oyang'anira nkhalango, ndipo amayenda ndi mlonda wa mfuti, poti njovu ndi ng'ona nazonso zimadalira mtsinje womwewo. Apa nsungwi yaperewera. Pamafunika ndodo yopepuka yokhala ndi gudumu lokulungira chingwe, ndi sipuni yaing'ono yofanana ndi usipa. Mumaponya chopingasa mtsinje, pang'ono chakumtunda, n'kusiya madzi ayendetse sipuniyo inu mukukulunga mosafulumira, mongoti isakhudze pansi. Malo abwino ndi kunsi kwa timathithi ndi kumchira kwa dziwe, pamene madzi odekha ayambanso kuthamanga. Mpasa sigogoda kaye. Imangomenya, ndodo n'kupindika, chingwe n'kuyamba kulira. Pamenepo oyamba kumene amagwira gudumu mwamphamvu kuti nsomba isathawe, chingwe n'kuduka. Chofunika n'kulimasula pang'ono kuti nsomba ikakoka mwamphamvu chingwe chizituluka chokha, ndodo ili m'mwamba, mpaka nsombayo itope. Ikafika pa mapazi anu, yasiliva, m'mbali muli timizere, mumamvetsa chimene munthu anadzukira usiku.

Ndiye pamafika povuta paja: kuibweza. Mu Bua wa m'nkhalango ndiwo mwambo wake, ndipo ine ndikuuvomereza ndi mtima wonse, chifukwa mpasa iliyonse imene mwaipeza kumeneko yabwerera ntchito imodzi. Koma kubweza nakonso kuli ndi kachitidwe kake, apo ayi mwangoponya m'madzi nsomba yoti ikafere patsogolo. Musanayambe kuwedza finyani ndi pulayala kaminga ka kunsonga kwa mbedza kuti izituluka mosang'amba. Nyowetsani manja musanaigwire, poti manja ouma amachotsa kutelera kumene kumaiteteza ku matenda. Zala zisalowe m'mbali mwa mutu mmene imapumira, ndipo isagonekedwe pa mchenga wotentha. Wofuna chithunzi ajambule msanga. Kenako igwireni m'madzi mutu utaloza kumene madzi akuchokera, mpaka idzikankhe yokha. Ngati yameza mbedza mpaka m'kati, dulani chingwe m'malo mofukula.

Sindikunena kuti nsomba iliyonse ibwezedwe. Mlamba ndi makumba a padamu amaswana mosavuta, amenewo apite kumphika ndi tomato wake. Kusiya nsomba yoti iswane si nzeru yochokera kunja ayi. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, a Senior Chief Makanjira ndi akuluakulu awo amatseka usodzi chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amaumvera kuposa mmene amamvera malamulo ambiri olembedwa.

Mlendo wa pamwamba pa phiri

Pa nthawi imene Zomba linali likulu la dziko, udindo umene linautaya mu 1975, atsamunda anasowa mitsinje ya kwawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anabweretsa mazira a nsomba ya trout n'kuwaika m'mitsinje ya paphiri. Mtundu umene unakhazikika, rainbow trout, kwawo kwenikweni ndi kumitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America, ndipo madzi akafunda kupitirira madigiri 20 nsombayi imayamba kuvutika. N'chifukwa chake simungaipeze kumunsi. Malo ake ndi pamwamba pa phiri la Zomba mu Mulunguzi ndi madamu ake, m'mitsinje ina ya paphiri la Mulanje, ndi m'madamu a ku Chelinda pa Nyika.

Kumeneku nyongolotsi ilibe ulemu. Mwambo wake ndi kachilombo kopanga, komangidwa pa mbedza ndi ulusi, ubweya ndi nthenga, ngakhale za nkhanga, kofanizira tizilombo timene nsombayo ikudya tsiku limenelo. Ku Kenya kuli anthu ambiri amene amadya za kumanga tizilombo totereti n'kumatitumiza ku Ulaya ndi America, ntchito ya manja imene ife tikanaithanso. Popeza kachilomboko kalibe kulemera, chimene chimaponyedwa ndi chingwe, chokhuthala dala. Mumachiyendetsa m'mwamba kumbuyo ndi kutsogolo, kudikira chitambasuke kumbuyoko musanachibweze, kenako n'kuchigoneka pamadzi mwakachetechete. Osapirira amachiliza ngati chikwapu cha pangolo, kachilombo n'kuthothoka n'kukagwera m'tchire. Trout imaima mutu utaloza kumtunda, ndiye mumaiyandikira kuchokera kumunsi mutawerama, chifukwa m'madzi oyera ngati amenewo imakuonani inu musanaione.

Nsomba imeneyi ndimaikonda, koma ndi mlendo, ndipo imadya tizilombo, ana a achule ndi tinsomba ta eni dera. Ikhale kumene ili, isawonjezeredwe mitsinje ina. Ubwino wake wina ndi woti ndi mboni yosanama. Mitengo ya paphiri la Zomba ikamadulidwa ndipo moto ukamapsereza chaka ndi chaka, mthunzi umachoka, madzi amafunda n'kuda, ndipo trout ndiyo imayamba kusowa. Madzi omwewo ndi amene amatsikira m'damu la Mulunguzi n'kukatuluka m'mipopi ya mu mzinda wa Zomba.

Kumunsi kwa Kapichira

Pakati pa Matope ndi Chikwawa mtsinje wa Shire umatsika mathithi otsatizana: Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga, Kapichira. Mathithi amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859 ndi omwewonso amatsekereza nsomba za mu Zambezi kuti zisakwere kunyanja. Choncho kumunsi kwa Kapichira, kuyambira ku Majete kutsika mpaka ku Nsanje, m'madzi muli dziko lina. Kumeneko ndi kwa vundu, mlamba wamkulu kuposa yonse ya m'derali, komanso kwa tigerfish, imene anthu a kumeneko amaitchanso mcheni ngakhale sili pachibale ndi ya kunyanja ija.

Mano a tigerfish ndi ataliatali olowana, ndipo chingwe cha nayiloni amachidula kamodzi n'kamodzi, ndiye pakati pa chingwe ndi mbedza pamafunika kawaya. Kukamwa kwake n'kolimba moti mbedza silowa bwino. Ikangomva chitsulo imalumpha m'mwamba ikupukusa mutu, ndipo nthawi zambiri sipuni imabwerera yokha. Owedza ozolowera amanola mbedza zawo asanayambe, amamenya mwamphamvu nsomba ikangogwira, ndipo ikamalumpha amatsitsa ndodo kuti chingwe chisakhwepe. Ngakhale atero, zothawa zimachuluka kuposa zofika m'bwato. Liwiro lake si nthano: ku damu lina ku South Africa akatswiri anaijambula ikulumpha n'kugwira anamzeze akuuluka pamwamba pa madzi, nkhani imene inasindikizidwa mu 2014. Ku Kariba mpikisano wa nsomba imeneyi unayamba mu 1962 ndipo umakoka owedza ochokera m'maiko angapo. Kwathu kuno nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira mu Seputembala mpaka mvula isanagwe, madzi atayera ndipo kutentha kwa kuchigwa kuli pachimake.

Kutenthako kumapangitsa munthu kufuna kuviika miyendo, ndipo apo ndi pamene Shire sakhululuka. M'madzi odekha a m'mabango muli likodzo, mvuu ya mwana siifuna bwato pafupi, ndipo ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu. Musaime malo amodzimodzi pagombe tsiku ndi tsiku, musatumbulire nsomba m'mphepete mwa madzi, musamangirire nsomba zimene mwagwira m'madzi pafupi ndi mapazi anu, ndipo dzuwa likalowa chokanipo. Sipuni ikakola m'mabango patali ndi gombe, ngakhale ikhale yodula bwanji, dulani chingwe mumange ina.